A Nabanda Anayi mu Kompyuta ya a Silvesta

Mundikhululukire polimba mtima kulemba za munthu wamkulu, ine amene sindinalembepo kanthu kupatula malipoti a ana a sukulu. Eni nkhani ndawapempha chilolezo, mayina ena ndasintha, ndipo pamene sindikudziwa bwino ndalumphapo.

A Silvesta Kamtedza a ku Golomoti anali mlangizi wa zaulimi. Atapuma ntchito anayamba kulima mpunga ku Bwanje, koma chimene amadziwika nacho kwambiri ndi unkhoswe. Mabanja amene anawaimira ndi ambiri, ndipo nkhani ya m'nyumba ya wina sinatulukepo pakamwa pawo. Ali ndi khalidwe linanso: mayi wokwatiwa samutchula dzina. Kwa iwo aliyense ndi Naphiri, Nangozo kapena Nabanda, ngakhale amene anamuona akukwawa.

Khalidweli analowa nalo mu kompyuta yawo ya pakhomo, chimphona chakale chimene amachifunditsa chitenje kuopa fumbi. M'menemo munali makalata a imelo a zaka zambiri ndi maadiresi a anthu, ndipo a Nabanda analimo anayi. Iwo sankasokonezeka ayi. Ankadziwa kuti wachiwiri pamndandanda ndi Lydia, mwana wa mlongo wawo, amene ali ku Joni ndi mwamuna wake Geoffrey. Wachitatu anali mayi ake a Geoffrey, mphunzitsi wamkulu wopuma wa ku Mtakataka.

Chaka chatha diso linayamba kuvuta, ndipo adokotala anati akakhale ku Lilongwe mwezi wathunthu. Mwana wawo wa kumeneko anawatumizira laputopu kuti asavutike ndi chimphonacho m'minibasi. Masiku awiri a Silvesta anali kalikiliki kusamutsa makalata ndi maadiresi pa fulashi, pepala la malangizo lili pambali, akuchonga mzere uliwonse ndi pensulo. Pomaliza laputopu inafunsa ngati iphatikize mayina ofanana. Anandiimbira ine, poti ndimaphunzitsa makompyuta ku sekondale. Ndinali pa njinga, ndipo sindinatsike n'komwe.

"Ingovomerani, bambo," ndinatero. "Imangochotsa zobwereza."

Anavomera. A Nabanda anayi aja anasanduka mmodzi.

Sabata yachiwiri ali ku Lilongwe, diso litapangidwa kale opaleshoni, kunabwera kalata ya Lydia. Geoffrey anali atapeza mkazi wina. Lydia ankaganiza zobwerera kumudzi, koma anapempha malume ake kuti asauze munthu, makamaka apongozi ake, mpaka mtima utakhala pansi.

A Silvesta sayankha pansi pa kalata ya munthu. Amati n'chimodzimodzi kulemba kuseri kwa pepala la mwini. Anatsegula tsamba latsopano, nalemba zilembo zoyamba za Nabanda. Dzina linatulukira limodzi lokha. Ndi diso limodzi lomwelo analemba kalata yaitali, yofatsa, yobwereza dandaulo lililonse la Lydia kuti aone kuti lamveka. Anaiwerenga kawiri n'kutumiza.

M'mawa mwake foni inalira. Anali mayi ake a Geoffrey.

"A Kamtedza, mwayamba liti kunditchula mwana wanu? Inetu ndinayamba kuona dzuwa inu musanabadwe."

"Mwawerenga mpaka pati, mayi?" anafunsa a Silvesta.

"Ine ndine mphunzitsi. Ndimawerenga mpaka pa siginecha."

Nkhani yotere sakanaithera pafoni. Anakwera minibasi yodzera ku Salima, bandeji ili padiso, nakatsika pa Mtakataka dzuwa lili paliwombo. Anapeza mayiwo akupeta mpunga pakhonde. Anawapatsa mpando, koma iwo anakhala pansi.

"Dzukani apo," anatero mayiwo. "Anthu aziti mwabwera kudzandifunsira."

"Ndabwera kudzapempha kuti musunge pakamwa, mayi. Cholakwa ndi changa, si cha mwana uja."

"Geoffrey ndinabereka ndine. Mukuti ndikhale chete ngati ndi mwana wa aneba?"

"Masabata awiri okha. Mwana wa mlongo wangayo aganize payekha, kenaka ine ndi nkhoswe ya kwanu tikhale pansi monga mwa mwambo. Mukamuimbira Geoffrey lero, mpongozi wanu akamva kuchokera kwa mwamuna wake kuti malume ake amugulitsa. Ali kutali, alibe kothawira."

Mayiwo anapitiriza kupeta, nkhuku zikutola zogwa. Patapita nthawi anaika lichero pansi.

"Chizungu cha m'kalata yanu n'chabwino, koma mipatuliro mumawonjeza," anatero. "Masabata awiri ndakupatsani. Koma mumuuze nokha kuti ndawerenga. Sindifuna kumapatsana naye moni wabodza."

Zimenezo ndiye zinali zolemera kuposa ulendo. A Silvesta anaima m'mbali mwa msewu, pansi pa mtengo wa mango, n'kuimbira Lydia. Sananamizire makina, sananditchulenso ine. Anati kalata yapita kwa apongozi ako, ndipo wotumiza ndine. Lydia anangoti, "Chabwino, malume," n'kudula.

Mayi aja anasunga lonjezo. Ankhoswe anakumana, ndipo za m'mene banjalo linathera sindinapatsidwe chilolezo cholemba. Chimene ndinganene n'chakuti Lydia amawapatsabe moni malume ake pa Khirisimasi, koma za mumtima mwake tsopano amauza mayi ake aang'ono. A Silvesta amadziwa, ndipo sadandaula pagulu. Atabwerera ku Golomoti analembanso maadiresi onse limodzi limodzi m'makompyuta onse awiri, ulendo uno ndi mayina enieni a amayiwo. Akamawerenga mndandandawo amatsitsa mawu.

Ine ndasiya kuyankha mafunso a kompyuta pafoni. Munthu akandifunsa ndizipalasa njinga kupita kwawo, ndizikhala pambali pake, ndipo tisanadine chilichonse ndiziyamba ndafunsa kuti mayinawo eni ake ndi ndani.