Mimba ya aChipupa

Pa jimu ya pamwamba pa shopu ya matayala, aliyense amawadziwa aChipupa. Akhala kochi pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo gawo lawo ndi limodzi basi: mimba za anthu. Wofuna mapewa apite kwa ena. AChipupa amakugoneka chagada pa kamphasa ka labala, n'kukugwira akakolo, iwe n'kumadzuka, kugona, kudzuka, iwo akuwerenga. Kuwerenga kwakenso n'kwachinyengo. Akafika pa naini amabwereza katatu, maso ali pa fani ya kudenga, ngati sakumva kuti munthu akuitana mayi ake.

Dzinalo linabwera chifukwa cha mwambo wawo. Kasitomala watsopano aliyense, tsiku loyamba, ankamuimika pakati, iwo n'kukweza malaya.

“Menyani apa. Musandimvere chisoni.”

Munthu ankamenya, n'kubwerera m'mbuyo akuuzira zala. Pomwepo ankalembetsa, poganiza kuti nayenso chimimba chake chija chidzauma chonchi. Ambiri ankatha milungu itatu n'kusowa, koma nkhani ya chibakera ankaifalitsa m'maofesi monse.

Chaka chino kachotupa kanatuluka pansi pa mchombo wa aChipupa. Akatsokomola kankatuluka, akakakankha ndi chala kankabwerera. Adokotala sanazungulire: mnofu wang'ambika mkati, matumbo akusuzumira panja. Pakufunika opaleshoni, kenako miyezi itatu osanyamula ngakhale ndowa.

“Nanga zibakera?” anafunsa aChipupa.

Adokotala anavula magalasi n'kupukusa mutu.

Kunyumba, akazi awo anasoka lamba wansalu woti azimanga mkati mwa malaya. “Bambo a ana, kawauzeni abwana anu. Mimba si ng'oma.”

“Ndikawauza kuti chani? Kuti chipupa chachita mng'alu? Kuli anyamata atatu amene akudikira kamphasa kanga.”

Sankanama. Munthu wa zaka makumi asanu amene luso lake ndi kugwira mapazi a anthu n'kumawerenga mpaka teni, akachoka miyezi itatu, pobwerera amapeza wina akuwerenga bwino kuposa iye. Ndiye aChipupa anaibisa nkhaniyo. Anasiya kuonetsa okha masewera, n'kumaphunzitsa ndi pakamwa. Atsopano ankawathamangitsira pa kamphasa nkhani ya chibakera isanayambe.

Lachinayi lina mwini jimu, mnyamata wa ndevu zodulidwa ndi rula, anakwera masitepe ndi mlendo. Anali mkulu wa butchala, mimba kutsogolo, mwini wake pambuyo, koma mikono ya munthu wodula mafupa tsiku lonse.

“Madala, bwanawa amva mbiri yanu. Akufuna alawe okha.”

“Bwana, lero tiyambe ndi kutenthetsa thupi kaye.”

“Aa, madala, mwayamba manyazi liti? Kwezani malaya.”

Nyimbo zinali zikulira, koma anthu anali atasiya zitsulo n'kuyandikira, mafoni m'manja. AChipupa anaganiza za lamba uja. Akakweza malaya, aonekera. Akakana, afunsidwa chifukwa.

“Menyani pamwamba pa malaya pomwepa,” anatero. “Ndakalamba, ndisaonetse ana maliseche.”

Anthu anaseka. Iwo anakoka mpweya, n'kulimbitsa zimene zinatsala.

Wabutchala anamenya ngati wokonda ntchito yake.

AChipupa sanagwe. Anamwetulira, mano onse panja, thukuta lozizira likutsika kuseri kwa makutu. Anamugoneka mlendoyo pa kamphasa, n'kugwada pang'onopang'ono, n'kumugwira akakolo. Tsiku limenelo anawerenga moona mtima, wani mpaka teni, osabwereza.

Atatha analowa m'chimbudzi n'kukhoma chitseko. Anamasula lamba. Kachotupa kaja kanali katakula ngati dzira, kolimba, kotentha. Anakakankha ndi chala. Sikanabwerere. Anayesa ndi zala ziwiri, atatsamira khoma, akupuma ndi pakamwa. Kanakana.

Foni inali m'thumba. Anaitulutsa, n'kupeza nambala ya akazi awo, n'kungoiyang'ana.

Kunja kunamveka kugogoda.

“Madala, muli m'menemo?” Anali mwini jimu, mawu odzaza ndi chimwemwe. “Wabutchala walembetsa chaka chonse. Akuti Lolemba abwera ndi azichimwene ake awiri, nawonso akufuna amenyeko. Mwamva?”

AChipupa anatsegula mpopi kuti madzi aphimbe kupuma kwawo.

“Ndamva, bwana,” anayankha. “Nthawi yanji?”