Loweruka Limene Mzinda Unapsa

Ndikukumbukira fungo la m'holo ya mmwenye ija, pafupi ndi mlatho wa Lilongwe: thukuta, mtedza wokazinga ndi fumbi la matumba a chimanga, poti masiku ena holoyo inali mosungira katundu. Zinali zaka za Chitaganya, ine ndili kamnyamata ka kabudula wong'ambika. Loweruka masana ankatseka mazenera ndi ziguduli n'kutionetsa bayisikopo ya zam'tsogolo, chigawo chimodzi pa sabata. Munali anthu ovala zonyezimira ngati malata, magalimoto ouluka, ndi mzinda wa nyumba zofika m'mitambo.

Tsiku lina mzinda uja unapsa. Bomba limodzi lokha, utsi n'kuima ngati bowa, anthu onse phulusa. Anzanga anaimba malikhweru, ine ayi. Bambo anga anali ku Halale, ankaphikira mzungu, ndipo pa chithunzi chimene anatitumizira anaima patsogolo pa nyumba zazitali ngati zomwezo.

Sabata yotsatira mzinda uja unali chilili, anthu akumwa tiyi.

Mkangano unabuka pakhonde la sitolo pomwe a Kaliyati ankasokera zovala. Iwowa, ndi ndevu zawo zonse, bayisikopo sankaiphonya. Yusufu, mwana wa mwini sitolo ndi holo yomwe, ankamvako Chingerezi, ndiye anati anthu anaumanganso mzindawo patapita zaka zambirimbiri. A Kaliyati anaimitsa makina.

"Iwe mwana wa bwana, phulusa limamanga nyumba? Nkhondo ndinaiona ine ku Bama. Chapsa chapsa. Uja ndi mzinda wina, nawonso ukudikira tsiku lake."

"Nanga ku Halale, a Kaliyati?" ndinafunsa.

"Oponya mabomba amayambira kumene kuli magetsi, mphwanga. Kuno angatayire bomba chiyani? Mbuzi?"

Anaseka, makina n'kuyambanso kulira. Ine chakudya chinasiya kulowa. Masiku amenewo malole a asilikali ankadutsa mumsewu, akuluakulu akulankhula monong'ona, ndiye kutha kwa dziko sikunkaoneka ngati nkhani yakutali. Ndege ikalira ndinkabisala pansi pa mtengo wa mango. Ndinalirira mayi kuti aitane bambo abwerere. Anangoti, "Akabwera uzidzadya bayisikopoyo?"

Yusufu atandinena kuti ndine nkhuku, ndinamupatsa chibakera cha pamphuno. Mtima wapachala ndinabadwa nawo, sindibisa. Mayi anandikoka khutu mpaka kusitolo, ndipo bambo ake a Yusufu anagamula kuti Lachisanu ndizikasenza zitini za filimu kuchokera kudepoti ya basi.

Kumeneko ndi kumene ndinamva zoona zake. Kondakitala ponditwika chitini anadandaula kuti mvula yasokoneza zonse: chitini china chinatsalira ku Dedza msewu utaduka, chinzake n'kubwera patsogolo. Tinaonera zinthu chobwerera. Anthu aja ankamwa tiyi bomba lisanagwe. Palibe anamanganso kalikonse.

Ndinayenda ndi chitinicho pamutu. Ndinali nditamenya Yusufu, koma pansi pa mtima ndinkapemphera kuti wolondola akhale iyeyo. Chigawo chomaliza sichinafike n'komwe, akuti anachipititsa ku Chipata, komwe panthawiyo tinkati ku Fochemusoni.

Bambo anabwera Chitaganya chikutha, ndi njinga, bulangete ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ndinawagwira malaya tsiku lonse ngati mwana woyamwa, mpaka anandikalipira.

Lero ndimagwira ntchito ku City Centre, tchire lomwe tinkasakamo mbewa, m'nyumba yosanja ngati za m'bayisikopo zija. Anyamata anga akamakangana za mavidiyo awo, zoti dziko lidzatha ndi matenda kapena ndi makina, ndimawakalipira kuti akawerenge. Koma ndege ikadutsa ndimasuzumirabe pazenera. A Kaliyati anati amayambira kumene kuli magetsi. Tsopano tili nawo, ndipo akazima mwina ndine ndekha mu Lilongwe muno amene mtima wanga umakhala pansi.