Mkaka Wogona Panjira

Ndinanyamuka pakhomo kumzikiti akuitanira swala ya m'bandakucha. Mwana wanga Hawa, wa miyezi isanu ndi iwiri, ndinamuyamwitsa mabere onse awiri mpaka anagona bere lili kukamwa, kenako ndinamupereka kwa apongozi anga. Bambo ake ali ku Joni, ndiye pakhomo timakhala atatu basi.

"Amake Hawa, mwamva bwino?" anatero apongozi. "Dzuwa la lero lilowe muli muno. Mukagona kunja mkakawo usasa, mwanayu sayamwanso. Sindikufuna maliro pakhomo pa mwana wanga iye ali kutali."

Kwathu kuno, mbali ya Katuli, ndi mmene timadziwira: mayi akagona kutali ndi mwana usiku umodzi, mkaka umawonongeka m'bere momwemo, ndipo mwana akauyamwa amatsegula m'mimba. Hawa ndi wochepa thupi. Phala amalavula, kusikelo mzere wake umangokwawa pansi. Chomwe chimamugwira ndi bere. Ndinalonjeza kuti pofika swala ya masana yachiwiri ndikhala nditabwera.

Ndinkapita ku boma, ku Mangochi, ku mpikisano wothamanga makilomita 21. Unakonzedwa ndi bungwe lina loona za uchembere wabwino, ndipo ankafuna kuti pakhalenso amayi a kumudzi. Alangizi a zaumoyo a kwathu anandilembetsa poti amandiona ndikuthamanga popita kudimba. Ku pulayimale ndinkasiya anyamata kumbuyo. Sukulu inathera Sitandade 6, koma miyendo sinaiwale, ndipo ndinene zoona, ndinkafuna kupita. Palibe anandikakamiza.

Che Jafali a njinga yamoto ananditenga pa K5,000 mpaka pa Namwera. Tinawoloka mtsinje wathu uli mchenga wokhawokha, poti mvula inali isanayambe.

"Ndiye mukundilipira kuti mukathamange kwina?" anafunsa. "Bwanji osangoyambira pompano, ine ndizikuwunikirani kumbuyo? Ndikuchotserani theka."

Pa Namwera ndinakwera galimoto ya Sienta ya K6,000. Anatipanikiza ndi matumba a nandolo, ine theka la thako pampando, theka pa ntchafu ya agogo ena amene sanadandaule. Potsika phiri la Chowe kukuyera, anyani anali atakhala m'mbali mwa msewu ngati akudikira galimoto yawo. Kumtunda kunali kozizira, koma tikufika kuchigwa mphepo yolowera pawindo inali kale yofunda. Tinawoloka mlatho wa Shire, n'kulowa m'tauni.

Pabwalo loyambira anatipatsa malaya oyera ndi nambala yobaya ndi mapini. Ine ndinavala taiti mkati mwa siketi, mpango kumutu, ndi nsapato za pakaunjika zobwereka kwa mnansi. Anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe analipo ambiri, akudziwongola miyendo, aliyense ndi wotchi yaikulu pamkono. Mayi wina wa tikabudula anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, koma mwaulemu ndithu.

"Asisi, muthamanga ndi siketi?"

"Ndimathamanga nayo masiku onse."

"Mukufuna kumaliza pa nthawi yanji?"

"Ndikafike kwathu dzuwa lisanalowe."

Anaseka, n'kundipatsa kapaketi ka zotsekemera zonga uchi, akuti ndidye ndikatopa. Ndinakasunga kuti ndikamulawitse Hawa.

Tinayamba mochedwa, dzuwa litakwera kale. Njira inatuluka m'tauni kulowera msewu wa ku Monkey Bay. Amene simunafikeko, msewu umenewu ndi wosalala, ulibe chitunda, koma ulibenso mthunzi. Migwalangwa imaima patali, mthunzi wake ukugwera m'minda ya eni. Anyamata a kabaza anaimika njinga zawo n'kumatiwerenga ngati ng'ombe.

"Amayi a mpango, mwaba chiyani?"

"Akuthamangitsani amuna anu? Kwerani, mulipira mawa."

Theka loyamba ndinathamanga bwino. Ndinadutsa abambo angapo a mawotchi, wina akupumira m'mwamba ngati mbuzi yomangidwa panjinga. Pokhotera, pafupi ndi mlambe waukulu, anativeka kamphira pamkono kusonyeza kuti tafikadi. Pobwerera m'pamene mabere anayamba kudzaza. Inali nthawi yomwe Hawa amayamwa, ndipo thupi silidziwa za mpikisano. Phazi likagunda pansi, ululu umachokera pachifuwa kufika m'khwapa. Ndinavala makamisolo awiri, koma mkaka unadutsa onse. Nsapato nazo zinayamba kundidya zala. Ndinazivula, phula linandiotcha, ndinazivalanso. Mnyamata wina anagwa patsogolo panga maso atatembenuka, anthu akumuthira madzi a m'mapepala podikira ambulansi. Sindinaime. Ndinkangoti ndimalize, ndikakwere galimoto.

Ndinamaliza. Sindinapambane, komanso sindinali wotsiriza. Miyendo inkanjenjemera, chala chimodzi chikutuluka magazi, ndipo dzuwa linali lisanafike pamutu. Ndikanapita kudepoti nthawi yomweyo, bwenzi nkhani ino ili yosangalatsa.

A m'tauni analandira mamendulo awo pomalizira pomwepo, n'kujambulana, n'kukwera magalimoto awo. Ife amayi a kumudzi anatitengera mu tenti, mipando ya kutsogolo, maso ndi maso ndi tebulo la akuluakulu. Anati mamendulo athu ativeka ndi mlendo wolemekezeka, ali m'njira. Anatipatsa Fanta ndi banzi. Ndalama yobwerera ndinali nayo, yomanga pakona ya chitenje. Chikwama chinali pansi pa mpando. Palibe anandigwira mkono.

Magule anavina, n'kuvinanso omwewo. Kumzikiti wa m'tauni anaitanira swala ya masana, mlendo osaoneka. Anafika cha m'ma 2 koloko, ndipo asanalankhule iwo panalankhula ena asanu kapena kuposa, aliyense kuyamba ndi kulonjera onse amene alonjeredwa kale. Pambali panga panakhala mayi wa ku Nkhudzi, woyanika usipa, wothamanga mnzanga. Anandigunda ndi chigongono.

"Anzanga, malaya anuwo anyowa. Mwana mwamusiya ndi ndani?"

Ndinamunong'oneza zonse.

"Ndiye mukudikira chiyani? Dzukani."

"Ndidutse pamaso pa akuluakulu akulankhula?"

Anayang'ana tebulo lija, n'kuyang'ana njira yotulukira. Inadutsa pakati penipeni, pomwe panaima wojambula.

"Zoona, n'zovuta," anatero. "Inenso sindingathe."

Ndinadzutsa thako kamodzi. Woyendetsa mwambo anandiona, n'kunena pa chimkuzamawu akumwetulira kuti amayi athu a kumudzi akhazikike, nthawi yawo yayandikira. Anthu anawomba m'manja. Ndinakhala pansi. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula sudzuka, ndipo ukaitanidwa pakhomo pa eni suchoka usanatsanzike. Mlendo wolemekezeka analankhula nthawi yaitali za ubwino woyamwitsa mwana mwakathithi, usana ndi usiku. Anati mayi asatalikirane ndi khanda lake. Ine ndinapinda manja pachifuwa kubisa zonyowazo, ndipo pachithunzi chomwe anatijambula ndili choncho, mendulo ili pamwamba pa mikono.

Kudepoti ndinafika cha m'ma 4. Sienta inali ndi anthu awiri okha, ndipo dalaivala sanyamuka isanadzaze. Kumapiri kwathu kunali kutada bii. Mvula inatipeza tikukwera Chowe, yoyamba ya chaka, yamatalala. Anthu m'galimoto anakondwa, akukambirana za mbewu ndi feteleza. Ine ndinkangoyang'ana madzi ofiira akutsika m'ngalande.

Pa Namwera njinga zamoto zonse zinali pakhonde la sitolo. Che Jafali anapukusa mutu ndisanalankhule.

"Mtsinje wadzaza, amake Hawa. Amene achokera uko abwerera."

"Mukandisiye pamtsinje pomwepo."

"Mukatani pamenepo?"

"Ndikaone ndekha."

Ananditenga, tikuterereka m'matope, ndipo ulendo uno sanaseke. Pomwe m'mawa panali mchenga panali madzi odutsa ndi mitengo yathunthu. Tsidya lina anthu anaima, kuno anthu anaima. Ndinakwinya siketi n'kulowetsa phazi. Bambo wina wachikulire anandikoka mkono mwamphamvu mpaka ndinagwa chagada.

"Mukufuna mwanayo akhale wopanda bere, kapena wopanda mayi?"

Ndinayesa foni ya mnansi wathu, sinkapezeka. Mayi wina wa nyumba yapafupi, amene sindinamudziwe n'kale lonse, ananditenga, n'kundipatsa chinangwa chophika ndi mkeka. Ndisanagone ndinapita kuseri kwa khitchini yake kukafinyira mkaka pansi, poti mabere anali ngati miyala.

Kutacha madzi anatsika kufika m'chiuno. Anyamata anatiwolotsa atatigwira manja, ndipo kotsalako ndinayenda wapansi, nsapato m'manja, miyendo yolimba ngati nkhuni. Ndinafika pakhomo dzuwa litakwera. Apongozi anali pakhonde akusenda mtedza wa mbewu. M'nyumba munali zii.

Ndinagwada n'kuwalonjera. Anayankha bwinobwino, osakweza mawu.

"Mwapambana?"

"Ayi, amayi. Mwana ali kuti?"

"Alamu anu amutenga m'mamawa. Akhale kwawoko sabata, aiwale bere. Akamakuonani savomera phala."

"Unali mtsinje, amayi."

"Ndikudziwa. Mvula yagwa konsekonse. Koma mkaka sudziwa za mtsinje."

Sanandinyoze. Maso awo anali ofiira, ndipo ndinadziwa kuti mwana sanawagonetse. Ndinaika chikwama pansi, n'kupempha kuti ndikangomuona. Anapitiriza kusenda mtedza wawo, ndipo ndinanyamuka.

Alamu anga, mlongo wawo wa bambo a Hawa, amakhala kuseri kwa dambo. Ndinamumva mwana ndisanaone nyumba. Mawu anali atasasa, akungotulutsa kamphepo. Alamu anali atamukhazika pamiyendo akumumwetsa madzi a shuga ndi sipuni. Hawa atandiona anatambasula manja, n'kuyamba kukoka malaya a mpikisano aja.

"Alamu, musatero," anatero iwo. "Mukamupatsa, chikachitika, mudzayankha nokha kwa achimwene."

Inenso ndinkaopa. Ndinakula ndikumva zomwezo, ndipo ndikudziwa manda a ana amene anthu amati anayamwa mkaka wogona. Ndinafinyira mkaka woyambawo pansi, wina ndinaulawa pachala. Unali monga wa masiku onse. Ndinayang'ana sipuni ija, ndinayang'ana khosi la mwana wanga mmene lachepera, ndipo ndinakhala pansi n'kumupatsa bere. Alamu analowa m'nyumba kuti asaone.

Patapita masiku awiri Hawa anatsegula m'mimba. Ndinamubereka mpaka kuchipatala. Anesi anati ndi madzi amene anamwa, mkaka susasa m'bere ngakhale mayi atachoka sabata, ndipo ndisasiye kuyamwitsa. Ndinawakhulupirira. Koma anesi sakhala nawo pakhomo pathu. Apongozi anatumiza mawu ku Joni, ndipo bambo a Hawa anandiimbira foni n'kufunsa funso limodzi lokha, loti mendulo ija mwana angadye. Hawa anachira, ngakhale kusikelo mzere wake unatsikanso. Akuyamwabe. Apongozi akaona ndikumuika kubere amadzuka n'kupita kumunda, ndipo chichokereni tsiku lija sanamuberekeponso.

Amayi anzanga amandifunsa ngati makilomita 21 ndi ovuta. Ndimawauza kuti ayi, aliyense wozolowera kudimba akhoza kumaliza, bola nsapato zikhale zake. Pomwe ine ndinalephera ndi pafupi kwambiri, kuchoka pampando wa kutsogolo kukafika kunja kwa tenti, anthu aulemu wawo akundiyang'ana. Pamenepo palibe anandiphunzitsapo kuthamanga.