Masiku amene ndinataya ndi envulopu m'manja

Zimene ndikulembazi si zongomva ayi, zinandichitikira ine mwini, ndipo amene ankathyola tiyi cha ku Masambanjati zaka zimenezo akudziwa kuti sindikuwonjezerapo kanthu. Mayina sinditchula, chifukwa ambiri mwa anthuwa ali moyo ndipo timakumanabe m'maliro.

Ndinali mphunzitsi pasukulu ya pa esiteti, nditangochoka kumene ku koleji, ndili ndi mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zitatu. Inali nthawi ija matipate atabwera, pamene aliyense wokhala ndi Baibulo ndi mawu okweza ankayambitsa mpingo pansi pa mtengo popanda womufunsa. Bambo wina, yemwe kale anali mlonda wa kufakitale, anamanga misasa m'mabulugamu a kuphiri n'kumaphunzitsa kuti kumwa mankhwala n'kunyoza Mulungu, matenda onse amatha ndi kusala kudya. Apongozi anga aakazi analowa, kenako anakoka mwana wawo, mkazi wanga. Mkazi wanga atayamba kutsokomola anakana chipatala, nakwera kuphiriko. Anatsikako atanyamulidwa. Za iye ndilekeza pomwepa.

Maliro atatha mwana anatsala kwa agogo ake, poti kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo ine mkamwini, woti sanandisudzule n'komwe, ndikanakana bwanji? Lachiwiri lina nditaweruka ndinapita kukamuona, koma ndinapeza chitseko chili chomanga ndi waya. Mayi woyandikana nawo anandiuza, maso ali pansi, kuti agogowo anyamuka ndi mwana m'mawa kupita kuphiri, akuti mwanayo ali ndi mzimu wa imfa umene unatenga amayi ake, choncho asale masiku asanu ndi awiri, madzi okha. Mwana wa zaka zitatu, abale anga!

Ndinathamangira komweko. Panjira yolowera m'mabulugamu panali amuna atatu ovala mikanjo yoyera, ndodo zili m'manja, ndipo mmodzi anandiuza mwaulemu woopsa kuti wosasambitsidwa salowa, komanso mkamwini alibe mwana kumeneko. Nyimbo ndinkazimva, mawu a mwana wanga ayi.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo kulakwa kwake n'kwa ife opita kusukulu. Ndinakhala patebulo n'kulemba kalata yachizungu yosalala bwino, n'kuiika mu envulopu. Lachitatu ndinapita nayo kupolisi, kumene anandimvera chisoni ndithu, koma anati gogo kupita ndi mdzukulu wake kumapemphero si mlandu, masiku ano kupembedza ndi ufulu. Lachinayi ndinakwera matola kupita kuboma, kumene kalaliki anafufuza m'mafayilo nati gululo silinalembetsedwe paliponse, ndiye palibe pogwira. Anawonjezera, pofuna kundilimbitsa mtima, kuti aphungu akunenanena zofufuza magulu otere kunyumba ya malamulo, ndidikire. Kodi iye ankadziwa kuti mwana amakhala masiku angati osadya? Ine sindinkadziwa, ndipo ndinkaopa kufunsa.

Lachisanu m'mawa ndikudutsa m'munda wa tiyi, envulopu ija itafewa ndi thukuta, wina anandiitana kuti aphunzitsi a kalata. Anali amalume ake a mkazi wanga, mchimwene wawo wa apongozi, ndiye mwini mbumba wa banja lonselo, mkulu wothyola tiyi, dengu lili kumsana, kumapazi kulibe nsapato. Ndivomere, sanabwere m'mutu mwanga ngakhale kamodzi, poti ndinkati munthu wosatha kulemba dzina lake angandithandize chiyani. Anandifunsa ngati envulopuyo ndaikwatira, poti masiku onsewa akundiona ndikuyenda nayo ngati mkazi watsopano. Nditawafotokozera, kuseka kunatha. Iwo anamva zoti mwana wapita kumapemphero, koma zoti sakudya panalibe anawauza. Kenako anati ndauza mapepala, ndauza boma, ndasiya mwini mbumba ali pa mzere wa tiyi womwe ndimadutsa tsiku lililonse.

Anatula dengu pomwepo, nauza kapitawo kuti awalembe kujomba, naitana amayi anayi a pamzere wawo. Amikanjo aja atationa anayang'anizana, koma ndani angamenye ndodo mkulu wobwera kudzaona mlongo wake? Titafika pamisasa amalume sanatsutsane ndi munthu za Baibulo. Anaima pabwalo n'kuitana apongozi ndi dzina lawo la paubwana, m'Chilomwe. Atatuluka, anawauza kuti dothi la pamanda a mwana wawo silinatitimire n'komwe, ndipo ngati mdzukuluyu afera muno, iwo satumiza uthenga wa maliro kwa aliyense, adzukulu okumba manda sagwira khasu, akumbe okha ndi zala pamodzi ndi mneneri wawoyo. Mtsogoleri uja anabwera akunena kuti Mulungu anamulankhula. Amalume anamuyankha kuti akumukumbukira bwino akugona pageti ya fakitale, mwina Mulungu ankamupeza m'tulo timeneto, koma mbumba iyi mwini wake ndi iwo.

Apongozi anagwada pansi n'kuyamba kulira, kenako anakwawira mumsasa natuluka ndi mwana. Anali wopepuka ngati chitenje chopinda, milomo itang'ambika, maso ali otsegula koma osandizindikira. Sankalira, ndipo palibe chinandiopsapo m'moyo ngati kukhala chete kumeneko.

Tinatsika mothamanga, amayi aja akusinthana kumubereka, ndipo pamsewu tinaimitsa thalakitala yonyamula masamba. Dalaivala anatikweza nthawi yomweyo. Kukiliniki ya pa esiteti anamuika diripi n'kutitumiza kuchipatala cha mishoni, kumene namwino anati tikanachedwa tsiku lina bwenzi tikunena zina. M'mawa wa Lamlungu mwana anatembenuka, nandikoka malaya, nati akufuna nthochi. Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa khoma kwa kanthawi.

Lero ali kusukulu, wamtali, wamakani, ndipo sakumbukira kanthu. Pondisudzula, amalume analamula okha kuti akhale ndi ine. Kuphiri kuja ena anaferako misasa isanagwetsedwe, ndipo ndimamva pawayilesi anthu akutsutsana, ena akuti boma lilembetse mipingo yonse, ena akuti lisalowerere za Mulungu. Ine ndimapempherabe, ndipo ndimakhulupirira kuti lamulo liyenera kukhalapo, loti aliyense womana mwana chakudya kapena mankhwala m'dzina la pemphero amangidwe. Koma lamulo limakambidwa miyezi, pamene mwana amatha m'masiku. Mukamva kuti m'bale wanu watengera mwana kumalo otere, musayambe mwakhala pansi. Tsiku lomwelo pitani kwa munthu amene banja limaopa mawu ake, wophunzira kapena wosaphunzira, mukwere naye pamodzi, ndipo musatsike manja ali opanda mwana.