Dzimbiri la Lupanga la Alamu

Mu Leicester monse muno mulibe Mmalawi wodziwa malupanga a ku Japan kuposa ine. Ndinaphunzirapo mbiri yakale ku yunivesite asanandipemphe kuti ndikapume. Za malupangazo ndayamba Lachiwiri lapitali.

Alamu anga a Banda anatola lupanga kudenga kwa nyumba yomwe agula ku Evington. Maganizo awo anali amodzi: aligulitse, amange chiliza cha bambo awo ku Ntcheu, abale asiye kuwaimbira.

Ndinavala magalasi n'kufufuza pa foni. Chimake chakuda, mphete ziwiri zokolekera m'chiuno: la mkulu wa asilikali apamadzi a ku Japan pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Koma chitsulo chenichenicho chitha kukhala cha makolo ake, chakalekale. Ndinazula kamsomali kansungwi, chigwiriro n'kuvuka. Chitsulo cha m'kati mwa chigwiriro chinali bii, dzimbiri lokhalokha, popanda dzina la wosula. Ndinaitana katswiri wachizungu wa ku Derby kuti Loweruka adzavomereze zomwe ndinali ndisanadziwe.

Loweruka m'mawa achemwali anga, akazi a alamuwo, anandituma sitilowaya. Sindinafunse. Kukamabwera mlendo, achemwali amakwecha ngakhale kunsi kwa ketulo.

Katswiri ataona chitsulo chili mbee, anakhala pansi tisanamulozere mpando.

"Dzimbiri lili kuti?"

"Ndachotsa," anatero achemwali. "Kuno si kwa auve."

Mkuluyo anati lupanga lopanda dzina msinkhu wake amauonera pa dzimbirilo: likada kwambiri ndiye kuti ndi lakale. Tsopano kaya ndi la makolo, kaya la nthawi ya nkhondo, palibe angalumbire, ndipo mtengo wagwa.

"Mayi a Chisomo, mwakwecha chiliza cha bambo," anatero alamu motsitsa mawu.

"Inu a Banda, mumafuna mzungu akalengeze ku Derby kuti ndimasunga dzimbiri? Nanga pulofesa wanuyu osanena bwanji?"

Pulofesane ndinali ndisanafike pa tsamba limenelo.

Musawaseke achemwali. Tonsefe tinaleredwa kuti chakuda n'chamanyazi, chowala n'chaulemu. Ndani mwa inu sanapakepo penti mpando wa agogo poopa maso a alendo? Tafika m'dziko lomwe anthu amalipira kuti chinthu chioneke chotopa, ife tili ndi sitilowaya m'manja.

Chiliza chidikira kaye. Lupanga labwerera kudenga, likuwala ngati supuni ya pa ukwati. Achemwali akuti pamene pafikapa amalize ndi chimake chomwe.

Ine kafukufuku yenseyu wandidyera paundi imodzi, ya sitilowaya.