Mkono Wamanzere wa Amayi

Inali sokosi yobiriwira ya malemu atate, ya yunifomu yawo yausikauti woteteza nyama zakutchire, yodulidwa kuphazi. Amayi ankaivala kumkono wamanzere kuti aphimbe pamene madokotala analumikiza mitsempha, polowera singano za makina otsuka magazi. Ukagwira pamenepo pankanjenjemera ngati foni ikulira m'thumba.

Impso zawo zitafooka, tinachoka ku Malama n'kukakhala ku Chipata, poti makinawo ankawafuna Lolemba ndi Lachinayi, osaphonya. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anesi anandipatsa udindo: mkono umenewu munthu asaufinye, asaukoke, usanyamule ngakhale ndowa. Ndinaunyadira udindowo mopitirira muyezo, ndivomere. M'minibasi ndinkakhala kumanzere kwawo zigongono zili kunja, ndipo makondakitala anandidziwa msanga.

Mvula yoyamba itagwa, amayi anati tikupita kumudzi kukabzala. Anesi anawakalipira kuti mitsinje ya kuchigwa imadzaza mosatsanzika, ndipo kuphonya Lolemba n'kudziitanira imfa. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuthokoza mwaulemu. Lachisanu m'mawa tinali m'minibasi yodutsa ku Jumbe, kenako m'galimoto ya asikauti anzawo a atate. Makani ndili nawowa ndinatengera kwa amayi.

Kutentha kwake, mayo! Nyenje zinkalira m'mitengo ya tsanya mpaka makutu kuwawa. Amayi anali ndi kabotolo kamodzi ka madzi ka tsiku lonse, ndiwo muyezo anawapatsa kuchipatala, ndiye ankangonyowetsa milomo yong'ambikayo. Mango anali mbwee pansi, koma kwa iwo anali oletsedwa. Ine ndinkakadyera kuseri kwa nkhokwe, poganiza kuti fungo silifika.

Loweruka tinabzala mizere itatu yokha. Kenako amayi anaitana amalume ndi anansi awiri, nati tizungulire munda wonse. Ankayenda pang'onopang'ono, kupuma pamthunzi uliwonse. Pachulu anaima, pachitsa cha tsanya anaima, pangalande yolowera kudambo anaimanso, ndipo paliponse ankandiuza kuti ndinene mokweza kuti munda wathu ukuthera apa. Sindinalakwitse ndi pamodzi pomwe, moti ndinabwerako ndikuyenda monyang'wa.

Lamlungu tinadzuka kamtsinje kathu, kamene dzana lake kanali mchenga wokhawokha, katadzaza madzi ofiira ofika m'chiuno. Mvula inali itagwa kumapiri. Galimoto ya asikauti inaima kutsidya, yosatha kuwoloka, ndipo miyendo ya amayi inali itayamba kale kutupa. Amalume anapinda buluku, n'kugwira mlongo wawo kumkono wamanzere kuti awakokere m'madzimo.

"Amalume, siyani mkonowo!"

Ndinakuwa ine, pamaso pa azibambo onse. Kwathu mwana sakalipira amalume ake, ndipo ndinangodikira khofi patsaya. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, nausiya mkonowo. Ananjuta, n'kubereka amayi kumsana ngati khanda. Anawoloka choncho, amayi atakweza mkono wamanzere m'mwamba, ine ndili paphewa pa sikauti wina ndikulamula kuti aziyenda bwino. Mpaka lero sindinaonepo chinthu chondinyaditsa kuposa chimenecho.

Lolemba tinalowa m'chipatala nthawi isanakwane, amayi akupuma movutikira, mapazi osalowa m'nsapato. Anangoti, "Muli bwanji, asisita? Tabwera." Anesi anapukusa mutu, n'kuyatsa makina.

Nkhani ya kumtsinje ndinaifotokozera wodi yonse, ena kawiri. Chimanga chija amayi sanachilawe, chinacha iwo atatisiya. Munda uja ndikulima ndine, ndipo palibe anayesapo kusuntha malire ake. Koma nthawi imeneyo ndinkangoti tinapita kukabzala basi. Sindinadzifunse kuti munthu angaikirenji moyo wake pachiswe chifukwa cha mizere itatu ya chimanga, kapena chifukwa chimene amayi anafunira kuti malire a munda wawo atchulidwe ndi pakamwa panga, amalume akumva.