Entente Cordiale ya Pampanda wa a Esau

Malume anga a Esau anaphunzitsa Chifalansa zaka makumi awiri, ndipo palibe mwana wa ku Liwonde amene anapita nacho patali kuposa moni. Atapuma ntchito anayamba kuweta nkhumba, khola lake n'kulimanga pampanda weniweni wa che Abdulrahim, Msilamu wosaphonya swala ku mzikiti. Nzeru za anthu ophunziratu izi.

Anakangana zaka zisanu ndi ziwiri. Nkhumba zikathyola mpanda, che Abdulrahim ankakalipa m'Chiyao, malume n'kumayankha m'Chifalansa, aliyense n'kulowa m'nyumba akuti wapambana.

Zinavuta mwana wa malume, Lydia, atapeza banja. Kwathu kuno mbuzi ya paukwati amachinja ndi Msilamu, apo ayi theka la mudzi silikhudza ndiwo, ndipo wochinja wa m'dera lathu anali che Abdulrahim. Lydia analira mpaka maso kutupa. Malume anavala tayi n'kukaima pampanda.

"Che Abdulrahim, tipange entente cordiale."

"Ndiye chiyani chimenecho?"

"Ubwenzi wa mayiko. M'Chifalansa ndi kumvana kochokera pansi pa mtima, koma musanamizidwe. Angerezi ndi Afalansa anadana zaka mazanamazana, mu 1904 atatopa anangogwirizana kuti uyu adye Iguputo, uyo adye Moroko."

"Eni ake a Iguputowo anawafunsa?"

"Iyayi."

"Ndiye nafenso nkhumbazo tisazifunse. Zichoke."

Malume anazikweza lole ya ku Balaka akusisima ngati akuperekeza maliro. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mbuzi zitatu zinachinjidwa, mudzi wonse unadya, Lydia anavina. Koma kukondana ayi: awiriwo ankangopatsana moni pampanda, wouma gwa, aliyense n'kukamunena mnzake kwa mkazi wake.

Malume anamwalira chaka chatha. Tisanatume munthu, che Abdulrahim anatulukira akukoka mbuzi yawoyawo, mpeni uli m'manja. Mtima wanga unasweka, ndipo ndinawathokoza chifukwa cha ubwenzi wawo ndi malemu.

"Ubwenzi wanji? Munthu uja anali wovuta," anatero osandiyang'ana. "Koma antanti yathu ya pampanda ija sitinaithetse. Anthu adye."

Anakhala pansi patsinde pa mpanda uja n'kuyamba kunola mpeni. Anaunola nthawi yaitali, mpeni woti unali wakuthwa kale.